Momwe mungaphunzirire ntchito yoyerekezera nkhondo pa kompyuta

Kuphunzitsa asilikali ndi zipolopolo zenizeni, mafuta a akasinja ndiponso maola ouluka ndege kumadya ndalama zochuluka, ndipo nthawi zina kumatayitsa miyoyo. N'chifukwa chake magulu ankhondo a mayiko ambiri ali ndi akatswiri omanga nkhondo yoyerekezera, imene akuluakulu a asilikali angalakwitsemo popanda kuika maliro. Pa Chingerezi ntchitoyi imatchedwa modeling and simulation, ndipo ili ndi maphunziro ake, madigiri ake ndi mayeso ake.

Choyamba, dziwani mitundu itatu ya kuyerekezera, chifukwa mphunzitsi aliyense adzayembekezera kuti mukuisiyanitsa. Mtundu wotchedwa live ndi wa anthu enieni okhala ndi zida zenizeni kutchire, koma m'malo mwa chipolopolo mfuti imatulutsa kuwala kwa laser, monga zimachitikira ndi zipangizo za MILES: msilikali amavala lamba ndi chisoti zokhala ndi timaso tolandira kuwalako, ndipo akalasidwa kachipangizo kamalira kusonyeza kuti iye watuluka m'nkhondo. Mtundu wa virtual ndi wa munthu weniweni woyendetsa chida chongoyerekeza. Kholo lake ndi bokosi lophunzitsira oyendetsa ndege limene Edwin Link anapanga mu 1929, ndipo m'zaka za m'ma 1980 bungwe la kafukufuku wa zankhondo la DARPA ku America linalumikiza makina ambiri otere pa netiweki imodzi yotchedwa SIMNET. Mtundu wachitatu, constructive, ndi umene asilikali ndi zida zonse zimakhala za m'kompyuta, ndipo anthu amangopereka malamulo. Mapulogalamu a JCATS ndi OneSAF ali m'gulu limeneli.

Chachiwiri, yambani ndi mapu ndi masamu musanathamangire kompyuta. Apa ndi pamene ndimaona kuti ambiri amadumphapo, n'kudzavutika kutsogolo. Mu 1824 msilikali wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu ake sewero la Kriegsspiel, limene linkachitika pa mapu ndi tizidutswa toimira magulu a asilikali, madayisi ndi woweruza wogamula zotsatira. Zimene kompyuta imachita lero zinali kale m'sewerolo: malamulo a kayendedwe, gawo la mwayi ndi chigamulo. Tengani mapu a dera limene mukulidziwa bwino, ikani magulu awiri, ndipo lembani nokha kuti gulu loyenda pansi lingadutse makilomita angati pa ola m'dambo, m'phiri ndi mumsewu. Mukatero mudzazindikira msanga kuti nambala iliyonse m'pulogalamu inachita kusankhidwa ndi munthu.

Kenaka yesani masamu a Frederick Lanchester a mu 1916. Ngati mbali imodzi ili ndi asilikali 1,000 ndipo inayo 500, onse ali ndi mfuti ndi luso lofanana, komanso aliyense akutha kuona ndi kulunjika mdani, masamuwo amati gulu laling'onolo likamatha, lalikulu lidzakhala ndi anthu pafupifupi 866, osati 500 monga ambiri angaganizire. Lembani zimenezi mu Excel mzere ndi mzere, kenaka zilembeninso m'chinenero cha kompyuta cha Python, n'kumasintha luso la mbali imodzi kuti muone pamene zinthu zimatembenukira. Pambuyo pake mufunika maphunziro a statistics ndi probability (masamu osanthula ziwerengero ndi a mwayi), popeza kuyendetsa nkhondo yoyerekezera kamodzi kokha sikutsimikiza kanthu. Imayendetsedwa maulendo mazana, ndipo katswiri amawerenga mmene zotsatirazo zamwazikira.

Chachitatu, sankhani sukulu molingana ndi pamene mwaima. Kwa maofesala amene ali kale m'gulu lankhondo, malo odziwika ndi Naval Postgraduate School ku Monterey, California, kumene kuli MOVES Institute yophunzitsa digiri yachiwiri pa ntchitoyi. Gulu lankhondo la pamtunda la America lili ndi nthambi yapadera ya maofesala a ntchito imeneyi, yotchedwa Functional Area 57. Ku Britain, Cranfield University imaphunzitsa digiri yachiwiri ya Defence Simulation and Modelling ku Shrivenham, ndipo mumzinda wa Rome muli likulu la NATO la ukadaulo womwewu, limene limachititsa maphunziro afupiafupi. Munthu wamba angayang'ane ku University of Central Florida mumzinda wa Orlando, kumene Institute for Simulation and Training inakhazikitsidwa mu 1982, kapena ku Old Dominion University ku Norfolk, Virginia. Sukulu ziwirizi zimafika mpaka digiri ya PhD.

Msilikali wa Malawi Defence Force sangangolemba yekha kalata ku sukulu ya asilikali ya dziko lina. Pempho limadzera mwa akuluakulu ake, ndipo malo ambiri a ku America amabwera kudzera m'ndondomeko ya IMET, yophunzitsa asilikali a mayiko ena, imene imafuna kuti munthu apambane mayeso a Chingerezi asananyamuke. Choncho konzani masatifiketi anu a masamu kapena a kompyuta nthawi idakalipo, ndipo akuluakulu anu adziwe chidwi chanu malowo asanalengezedwe.

Chachinayi, phunzirani mmene mapulogalamu amalankhulirana. Pali miyezo iwiri yaikulu, DIS ndi HLA, imene bungwe la mainjiniya la IEEE linaipatsa manambala 1278 ndi 1516, ndipo ndi imene imatheketsa kuti makina oyerekezera ndege mumzinda wina aone kasinja wa m'makina a mumzinda wina.

Chachisanu, chimene ndikuchiona kuti ndi mtima wa ntchito yonse, phunzirani kukayikira chimene mwamanga. Akatswiri amafunsa mafunso atatu, amene pa Chingerezi amawafupikitsa kuti VV&A: kodi pulogalamu yamangidwa monga inakonzedwera, kodi ikufanana mokwanira ndi zochitika zenizeni, ndipo kodi wolamula wavomereza kuti igwiritsidwe ntchito pa cholinga chimenechi? Funso lachiwiri ndi limene limagwetsa anthu. Taganizirani pulogalamu yomangidwira misewu ya phula ya ku Ulaya, imene ikunena kuti lole yonyamula chakudya ifika m'maola awiri. Aliyense mwa asilikali a Malawi amene anakasungitsako mtendere kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo angakuuzeni zimene matope a nthawi ya dzinja amachita ndi lole yolemedwa. Wophunzira pa pulogalamu yotere popanda kuikonza amazolowera kudalira chakudya ndi zipolopolo zimene tsiku lenileni sizidzafika. Nkhondo ya 73 Easting ku Iraq itatha mu 1991, ofufuza anapita pamalo penipeni, nayang'ana mikwasa ya akasinja ndi kufunsa asilikali amene anamenya nkhondoyo asanaimange m'kompyuta. Inunso zolowerani kufunsa masajeni ndi madalaivala, ndi kulemba gwero la nambala iliyonse imene mwalowetsa.

Chomaliza ndi kupeza umboni wa luso lanu ndi kudziwana ndi anzanu a ntchito. Bungwe la National Training and Simulation Association limapereka satifiketi ya Certified Modeling and Simulation Professional kwa amene ali ndi maphunziro ndi zaka zogwira ntchito zokwanira, akapambana mayeso. Bungwe lomweli limakonza msonkhano wa akatswiri a ntchitoyi wotchedwa I/ITSEC, umene umachitika chaka chilichonse ku Orlando chakumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala. Ngati ulendo wa ku Orlando sungatheke, pemphani kuthandiza pa zoyeserera za kulikulu la gulu lanu, ngakhale pa ntchito yolowetsa malamulo m'kompyuta, ndipo musaphonye zokambirana za pambuyo pake, pamene wolamula amabwezeredwa nkhondo yonse pa sikirini n'kufunsidwa chifukwa chimene anatumizira gulu lake kumene analitumiza.