Mmene Mungasankhire Chithandizo Chopulumutsa Mtsempha wa Dzino Lobooka Kwambiri

Dzino likabooka mpaka bowo kuyandikira mnofu wamoyo wa m'kati, momwe muli mitsempha ya magazi ndi yomvera ululu, anthu ambiri kwathu kuno amaganiza zongolizula basi. Komatu nthawi zambiri mnofuwo ukhoza kupulumutsidwa, ndipo dzino lamoyo limakhalitsa chifukwa limamva likalumidwa mopitirira muyezo komanso limadzimangira lokha khoma latsopano loteteza mtsempha.

Choyamba, fotokozerani dokotala wa mano mmene ululu ukukhalira, chifukwa chisankho chonse chimadalira pamenepa. Ngati dzino limanyerenyesa mukamwa madzi ozizira kenako n'kusiya pakapita timasekondi tochepa, mtsempha ukadali ndi mphamvu yochira. Ngati limapweteka lokha popanda chochititsa, makamaka usiku, kutupa kwa m'kati kwafika patali. Ngati nkhama zatupa kapena zikutuluka mafinya, nthawi zambiri mtsempha umakhala utafa kale, ndipo zikatero zotsala ndi kuuchotsa wonse mpaka kumizu kapena kuzula dzinolo. Dokotala amatsimikizira izi poyesa dzino ndi chinthu chozizira komanso pojambula ekisire.

Mtsempha ukakhala kuti sunaonekere, pali njira ziwiri zosankhapo. Pa njira yoyamba, dokotala amapala zowola zonse m'mphepete mwa bowo mpaka pafika polimba, koma amasiya dala gawo lofewa lomwe lili pamwamba pa mtsempha, n'kumata dzino tsiku lomwelo. Ambiri amadabwa kumva kuti zowola zina zimasiyidwa, koma tizilombo tikatsekeredwa bwino timasowa shuga, ndipo kuwola kumaima. Njira yachiwiri ndi yopala kawiri: dzino limamatidwa mongoyembekezera, kawirikawiri ndi chomata chotchedwa glass ionomer, ndipo limatsegulidwanso pakapita miyezi 6 mpaka 12, gawo lofewa lija litauma ndi kulimba. Kafukufuku amene Lars Bjørndal wa ku Copenhagen ndi anzake anafalitsa mu 2010 anasonyeza kuti kupala kawiri kumaboola mtsempha mwa apo ndi apo poyerekeza ndi kupala zonse nthawi imodzi. Vuto la kupala kawiri ndi lakuti ululu ukatha anthu ambiri sabwereranso, chomata chongoyembekezera chimagumuka, ndipo dzino limawonongeka kuposa kale. Kwa munthu wokhala kutali ndi chipatala, ine ndimaona kuti njira yoyamba ija, yomaliza zonse tsiku limodzi, ndiyo yabwino. Bungwe la akatswiri a matenda a mitsempha ya mano ku Ulaya, la European Society of Endodontology, linavomereza njira zonse ziwirizi mu 2019, ndipo linanena kuti kupala zowola zonse mpaka polimba pa bowo lozama ndi kuchita mopitirira.

Mtsempha ukaonekera, nkhani imasintha. Ngati pabooka pang'ono ndipo mnofu ukuoneka wathanzi, dokotala amaika mankhwala pabalapo n'kumata. Njira imeneyi imayenda bwino pa dzino lothyoka pangozi kusiyana ndi lowola, chifukwa pa lowola tizilombo timakhala titalowa kale. N'chifukwa chake madokotala ambiri amakonda kudula mamilimita 2 kapena 3 a mnofu wotupawo, njira imene Miomir Cvek anaifotokoza mu 1978, kapena kuchotsa mnofu wonse wa kumtunda n'kusiya wa m'mizu uli moyo. Chimene chimatsogolera dokotala ndi magazi: akaleka kutuluka pasanathe mphindi pafupifupi 5 atapukutidwa ndi mankhwala ophera tizilombo otchedwa sodium hypochlorite, mnofu wotsalawo ndi wabwino, koma akapitirira kutuluka amadula mozamirapo.

Funsaninso za mankhwala amene adzaikidwa pabalapo. Calcium hydroxide wakhala akugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri ndipo ndi wotsika mtengo, koma amasungunuka pakapita nthawi n'kusiya mpata wolowera tizilombo. MTA, amene Mahmoud Torabinejad anapanga ku Loma Linda University m'zaka za m'ma 1990, amatseka bwino ndipo zotsatira zake zimakhalitsa, ngakhale kuti ndi wodula, amachedwa kuuma, ndipo mitundu ina imadetsa dzino, zomwe sizabwino pa mano akutsogolo. Biodentine amauma msanga ndipo sadetsa dzino kwenikweni. Komabe mankhwala odula sathandiza ngati malovu alowa pabala, choncho funsani ngati dokotala adzatchinga dzinolo ndi kansalu ka labala pogwira ntchito, komanso ngati adzaika chomata chokhalitsa mwamsanga.

Mukalandira chithandizo, dzino likhoza kunyerenyesa kwa masiku angapo. Bwererani kukapimitsa pakatha miyezi 6 ndiponso pakatha chaka, ngakhale musakumva kanthu, chifukwa mtsempha umatha kufa osapweteka ndipo ekisire ndiyo imaonetsa zimenezi. Koma ululu ukayamba kukudzutsani usiku, dzino likasintha mtundu, kapena chomata chikasweka, pitani kuchipatala sabata yomweyo.