Kusankha Pakati pa Basi ndi Sitima Potumiza Mwana Kusukulu mu London

Makolo ambiri ochokera ku Malawi amene akulera ana mu London amayamba kuganizira za mayendedwe mwana atapatsidwa kale malo kusekondale, chonsecho nkhaniyi imafunika kuiganizira panthawi yosankha sukulu. Ku England mwana amalowa sekondale ali ndi zaka 11, m'kalasi ya Year 7, ndipo fomu yopemphera malo imayenera kufika kukhonsolo pofika pa 31 Okutobala, pomwe mayankho amabwera kumayambiriro kwa Malichi. Musanalembe dzina la sukulu iliyonse pafomuyo, fufuzani kaye kuti mwanayo azikafikako bwanji payekha, pakuti ulendowo adzauyenda m'mawa ndi masana kwa zaka zisanu.

Yambani ndi nkhani ya ndalama, chifukwa imapendekera kwambiri ku basi. Mwana wosakwana zaka 11 amakwera basi ulele. Akakwanitsa zaka 11 amafunika khadi lokhala ndi chithunzi chake lotchedwa Zip Oyster, limene limaperekedwa ndi Transport for London (TfL), bungwe loyang'anira mayendedwe mumzindawu, ndipo ndi khadili amapitiriza kukwera basi osalipira, koma m'sitima za Underground, Overground, DLR ndi Elizabeth line amalipira mtengo wa ana paulendo uliwonse. Mtengowo umaoneka wochepa pa tsiku limodzi, koma mukauwonkhetsa kwa chaka chonse, makamaka ngati ana ndi awiri kapena atatu, umakhala gawo ndithu la ndalama za pakhomo. Kumbukiraninso kuti kuyambira m'chaka cha 2014 mabasi a mu London salandira ndalama zapamanja, ndipo mulibe kondakitala woti mwana n'kumudandaulira monga zimakhalira m'minibasi kwathu.

Mukatha kuwerengera, yendani ulendowo nokha pamodzi ndi mwanayo. Pulogalamu ya TfL Go ya pafoni idzakuuzani mphindi zimene ulendowo umatenga, koma siingakuonetseni basi imene yadutsa pasiteji osaima chifukwa yadzaza, zomwe zimachitika kawirikawiri ikamayandikira 8 koloko m'mawa pamene ana a sukulu zingapo akulimbirana basi imodzi. Choncho musayese ulendowu Loweruka kapena pa holide. Sankhani tsiku la sukulu, nyamukani pa ola lenileni limene mwana azidzanyamuka, ndipo mubwererenso nthawi yoweruka. Funsaninso ku ofesi ya sukulu ngati pali basi ya nambala ya pakati pa 600 ndi 699, popeza nambala zimenezi zimapatsidwa kwa mabasi oyenda masiku a sukulu okha, amene amatsitsa ana pafupi ndi geti.

Sitima ili ndi ubwino wake umene basi singaufikire. Siimatsekerezedwa ndi mndandanda wa magalimoto, ndipo ngati sukulu ili kutali, mwana akhoza kufika m'theka la nthawi imene basi ikanatenga, kutanthauza kuti agona mokwanira usiku. Vuto lake ndi loti ikalephera imalephereratu. Magetsi owongolera sitima akawonongeka, kapena ogwira ntchito akanyanyala, mwana amapezeka ali pasiteshoni yachilendo pakati pa khamu la akuluakulu othamangira kuntchito, ndipo amayenera kupeza yekha njira ina. Basi ikachedwa, ina imabwera pambuyo pake, ndipo mwana amakhala akuona misewu ndi masitolo amene akuwadziwa.

Pachifukwa chimenechi, maganizo anga ndi akuti mwana wa zaka 11 apatsidwe basi imodzi yomutenga pafupi ndi nyumba n'kukamusiya pafupi ndi sukulu, ngakhale itamatenga mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu kuposa sitima. Chimene muyenera kuwerenga mosamala ndi kuchuluka kwa malo osinthira, chifukwa ndi posinthira pamene mwana amasochera, kutaya chikwama kapena kukwera yolowera kwina. Sitima isankhidwe pamene ulendo wa pabasi ukuyandikira ola lathunthu, komanso pamene sitimayo ikupita mwachindunji popanda kusintha.

Ganiziraninso za nyengo yozizira, imene ife okulira kumene tsiku silifupika kwambiri timaiwala msanga. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, kotero mwana wotsalira kusukulu pa zamasewera amabwerera kunyumba kuli mdima. Yendani pansi kuchokera pasiteji kapena pasiteshoni mpaka pakhomo, muone ngati msewuwo uli ndi magetsi ndiponso ngati pamadutsa anthu, pakuti nthawi zina kamtunda kakang'ono kameneka ndi kamene kamagamula nkhani yonse.

Kaya mwasankha iti, muphunzitseni mwana njira inayo ngati yodalira tsiku la mavuto. Aloweze pamtima nambala yanu ya foni, adziwe kuti m'basi yosanja ndi bwino kukhala m'chipinda chapansi pafupi ndi dalaivala, ndiponso kuti pasiteshoni apemphe thandizo kwa ogwira ntchito ovala yunifolomu. Muuzeninso kuti khadi la Zip sabwereketsa mnzake, ndipo likhoza kulandidwa ngati achita zosokoneza m'basi. Ngati mwana wanu ali ndi ulumali womulepheretsa kuyenda pansi kupita kusukulu, kapena sukulu yoyandikana kwambiri yomuyenera ili pamtunda woposa mamailosi 3, lemberani kukhonsolo, chifukwa lamulo limapereka ufulu wa mayendedwe aulere kwa ana otere.

Khadi la Zip lifunsireni pa intaneti mwezi wa Julayi kapena Ogasiti kuti lifike sukulu zisanatsegulidwe mu Seputembala. Sabata yoyamba perekezani mwanayo, koma mumusiye kuti azitsogolera ndiye, aziwerenga yekha nambala ya basi ndi kuliza yekha belu lotsikira.