Mdima wa ku Dublin usakutsekereni m'nyumba

Amene mwangofika kumene ku Ireland, za mvula munamva kale, koma chimene chimafoola anthu ambiri ndi mdima. Mu December dzuwa limatuluka cha m'ma 8:30, ikamati 4:30 madzulo kwada kale, ndiye ngati muli pa shifiti ya usiku ku nursing home masana mukugona, sabata imatha osaliona nkomwe. Thupi kumangolefuka, tulo osatha, chilichonse kumangokunyansani. Gulani vitamin D ku famase, a HSE, bungwe la boma loona zaumoyo, amati ife akhungu lakuda tizimwa chaka chonse osati nthawi yozizira yokha.

Anthu ake ndi ansangala, pa siteji ya basi agogo akuyambani nkhani ya nyengo mpaka basi kufika, ndipo potsika anthu amathokoza dalaivala, inunso muzitero. Koma zoti neba agogoda kuti bwerani nsima yapsa iwalani, kunyumba kwa munthu sapita osapangana olo mwadziwana chaka. Kucheza kwawo kumachitikira panja, ku pub, ku mpira wa ana wa GAA (bungwe la masewera achikhalidwe cha ku Ireland), ku parkrun (kuthamanga kapena kuyenda limodzi m'paki) Loweruka 9:30 m'mawa yomwe ndi yaulere, mumangolembetsa pa intaneti basi. Ku pub mnzanu akagula raundi dziwani kuti yanu ikubwera, mukazemba sakuuzani kanthu koma aona kuti ndinu oumira. Osamwa mowa itanitsani tiyi kapena Club Orange, raundi ndi yomweyo.

Zina zisiyeni pa Chileka pomwepo. Kumenya mwana, kuyambira 2015 zoti ndimangomulanga sizikutetezaninso kukhothi, ndipo aphunzitsi akaona zipsera amauza a Tusla, bungwe la boma loteteza ana. Chaka chomwecho anthu anavota kuti amuna okhaokha kapena akazi okhaokha azikwatirana, ndiye bwana wanu wachibambo akati mwamuna wanga, maganizo anu asungeni mumtima, nthabwala zimenezo zimathetsa ntchito.

Tsankho liliko, tisanamizane, makamaka poti nyumba zikusowa ena amaloza chala ife obwera, amene anali mu Dublin mu November 2023 anaona sitima yoyenda mumsewu ya Luas ikuyaka pa O'Connell Street pa zipolowe zodana ndi obwera. Wina akakuopsezani kaneneni kwa a Garda, apolisi a ku Ireland, pa ngozi imbani 999 kapena 112.

GP, dokotala wanu woyamba kumuona mukadwala, mupezeretu musanadwale chifukwa ambiri amakuuzani kuti adzadza, mungafunike kuyimba malo angapo. Maganizo akachuluka usiku a Samaritans, bungwe lomvetsera anthu amene ali ndi nkhawa, amayankha pa 116 123 nthawi ina iliyonse, sizidya mayunitsi.