Kusankha nyimbo za pa wailesi monga ankachitira Rosalie Trombley

Kuyambira 1968 mpaka 1984, amene ankagamula nyimbo zoti zimveke pa wailesi ya CKLW ku Windsor, m'dziko la Canada, anali mayi Rosalie Trombley. Analowa pa wailesiyi ngati woyankha mafoni, nthawi imene mpando wosankha nyimbo unkaoneka ngati wa amuna okha. CKLW inali pafupi ndi Detroit, pongowoloka mtsinje, ndipo ndi mphamvu yake ya mawati 50,000 inkamveka kutali ndithu m'dziko la America. Anthu amatama khutu la mayiwa, koma khutulo linkayendera limodzi ndi ntchito ya sabata ndi sabata imene inunso mungaiphunzire.

Yambani ndi mndandanda waufupi. CKLW inkatulutsa nyimbo 30 zotsogola sabata iliyonse. Inu nyimbo zanu zigaweni patatu: zotentha, zimene zikukwera, ndi zimene zayamba kuzirala. Zotentha zizibwera pafupipafupi, mwina pakatha maola awiri kapena atatu. Mukalowetsa yatsopano, ina ituluke. Mndandanda ukafika nyimbo 80, palibe imene imamveka mokwanira kuti omvera aizolowere, ndiye simungadziwe imene yagwira.

Kenako funani umboni kunja kwa situdiyo. Mayi Trombley ankafufuza m'masitolo ogulitsa malekodi ku Detroit kuti adziwe zimene anthu akugula ndi ndalama zawo, kuphatikizapo m'madera okhala anthu akuda amene mawailesi ena a pop ankawanyalanyaza. Lero mufunse ma DJ a m'maukwati ndi m'malo azisangalalo, ogulitsa nyimbo pamsika, ndiponso muone ziwerengero za pa YouTube. Muzifunsa anthu omwewo, tsiku lomwelo la sabata, n'kulemba m'kope. Cholinga n'kuona ngati nyimbo ikukwera kapena ikutsika, ndipo chiwerengero cha sabata imodzi sichingakuuzeni zimenezi.

Mauthenga opempha nyimbo amapusitsa. Werengani anthu, osati mauthenga. Abale ndi anzake a woimba akhoza kutumiza kambirimbiri kuchokera pa manambala asanu okha. Nyimbo yeniyeni imapemphedwa ndi anthu osadziwana, ochokera kosiyanasiyana, ndipo kupemphako kumapitirira mpaka sabata yachitatu.

Musamangomvera nyimbo imene kampani ya malekodi yakukankhirani. Mu 1976 gulu la Kiss linaika "Beth" kuseri kwa lekodi, mbali imene mawailesi ambiri sankaitembenuza n'komwe. Mayi Trombley anaiika pa CKLW, ndipo inaposa nyimbo imene kampani inkadalira. "Bennie and the Jets" ya Elton John nayo inali chabe mu chimbale. Mayi Trombley ataona mmene omvera akuda ku Detroit ankaikondera anaiseweza kwambiri, kampani inaitulutsa payokha, ndipo mu 1974 inafika pa nambala 1 ku America. Choncho mverani chimbale chonse, ndipo patulani ola limodzi pa tsiku kumvera mawailesi amene omvera ake ndi osiyana ndi anu.

Povuta kwenikweni ndi pa oimba ndi otsatsa nyimbo. Apatseni tsiku limodzi pa sabata, mu ofesi, aliyense mphindi zofanana. Musalandire kalikonse, ngakhale mayunitsi a foni. Mukalandira kamodzi, mndandanda wonse umasiya kukhulupirika, ndipo woimba wopanda ndalama ndiye amavulala. Bob Seger anawaimbira mayiwa nyimbo yotchedwa "Rosalie", koma iwo anakana kuti imveke pa CKLW, poopa kuoneka ngati akudzikweza ndi mpando wawo. Mu 2016 mayi Trombley analandira mphoto yapadera ya Juno, imene imaperekedwa pa za nyimbo ku Canada; anamwalira mu 2021.

Ngati malamulo akukulamulani kuika nyimbo za kwanu pa mlingo wina, monga zinalili ku Canada kuyambira 1971 pamene mawailesi a AM anauzidwa kuti nyimbo 30 pa 100 zilizonse zikhale za m'dzikomo, musaziunjike pakati pa usiku pongofuna kukwaniritsa chiwerengero. Sankhani zabwino kwambiri, muziike m'mawa ndi madzulo pamene anthu ambiri ali pa wailesi, pakati pa nyimbo ziwiri zodziwika kale, ndipo muziyese ndi kope lomwe lija.