Kusunga disiki yonse ndi Clonezilla: kutenga image ndi kuibwezeretsa

Mau akuti image pano satanthauza cithunzi cojambula. Ndi disiki yonse yosungidwa mmene inalili pa ola limene munaitenga: Windows kapena Linux, mapulogilamu, madraiva, masetingi, ndi tizigawo tobisika timene kompyuta imayambira poyaka. Kukopera mafoda ku fulashi kumapulumutsa zikalata ndi zithunzi, koma disiki ikafa mafoda amenewo sangayatse kompyuta. Mau a image tawasiya osamasulira cifukwa ndi amene mudzaona pa sikirini. Musawasokoneze ndi clone, kumene ndi kukopera disiki imodzi pa inzake mwacindunji. Mu Clonezilla kutenga image kumalembedwa device-image, clone ndi device-device.

Clonezilla ndi yaulere, inapangidwa ku Taiwan, ndipo siikidwa mu Windows. Imayaka payokha kucokera pa fulashi, motero disiki imene mukukopera imakhala isakugwira nchito ina. Mufunika fulashi ya 1 GB kapena yoposa, pulogilamu ngati Rufus yolembera pa fulashiyo faelo ya ISO (faelo imodzi yokhala ndi Clonezilla yonse), ndi disiki yakunja yosungirapo image. Disiki yakunja ikhale yofomatidwa mu NTFS kapena exFAT, popeza FAT32 siilandira faelo yoposa 4 GB. Siifunika kukula mofanana ndi ya mkati: Clonezilla imakopera malo okhala ndi zinthu okha, n'kuwapanikiza. Ngati pa disiki ya 500 GB pali zinthu za 120 GB, yembekezerani image yosaposa 120 GB.

Musanazimitse Windows

Apa ndi pamene anthu ambiri amathamangira, ndipo mabvuto ambiri amabadwira pomwepa. Kuyambira pa Windows 8 pali Fast Startup: mukasankha Shut down, kompyuta siizima kotheratu, imagona cabe, ndipo cigawo ca disiki cimene pali Windows cimatsala ngati cotsegula. Clonezilla ingakane kucikopera. Tsegulani Command Prompt monga administrator, lembani powercfg /h off, kenako chkdsk C: /f, bvomerani, yatsaninso kompyuta kuti iunike disiki, ndiyeno muizimitse.

Onaninso BitLocker, loko ya Windows imene imatseka disiki kuti isawerengeke popanda kiyi. Malaputopu ambiri a Windows 11 amabwera atatsekedwa kale mwini wake asakudziwa. Cigawo cotsekedwa Clonezilla siitha kuona mkati mwake popanda kiyi, conco imakopera conse, ngakhale malo opanda kanthu, ndipo sicipanikizika: 500 GB ingakhale pafupifupi 500 GB. Zimitsani BitLocker kotheratu ndi kudikira mpaka imalize kumasula. Kuiimitsa kwa kanthawi ndi Suspend sikuthandiza. Ngati mwasankha kuisiya, lembani pa pepala kiyi yake ya manambala 48 musanacite ciliconse.

Laputopu ikhale pa caja mpaka nchito ithe.

Kutenga image

Lowetsani fulashi, yatsani, dinizani batani losankhira poyambira: kawirikawiri F12 pa Dell ndi Lenovo, F9 pa HP, Esc pa Asus. Za cinenero ndi kiyibodi pitirirani ndi Enter. Sankhani Start_Clonezilla, device-image, kenako local_dev. Lumikizani disiki yakunja, dikirani masekondi 5, dinizani Enter. Ikaoneka pa mndandanda, dinizani Ctrl ndi C.

Funso lotsatira likufunsa cigawo cimene cikhale /home/partimag. Limeneli ndi dzina la kosungira image, osati la disiki yokopera. Sankhani cigawo ca disiki yakunja.

Tsopano cherani khutu, cifukwa zilembo C: ndi D: kuno kulibe. Madisiki amachedwa sda, sdb, sdc, ndipo SSD ya mtundu wa NVMe imachedwa nvme0n1. Nambala yowonjezera, monga sda1 kapena nvme0n1p3, ndi cigawo. Maina amenewa si okhazikika. Disiki imene lero ndi sdb mawa ingakhale sdc, malinga ndi zimene mwalumikiza. Musadalire cilembo. Werengani kukula ndi dzina la kampani zimene zalembedwa pambali pake, muziyerekeze ndi zolembedwa pa disiki yeniyeniyo. Dziwaninso kuti disiki yogulitsidwa monga 500 GB mu Windows imaoneka 465 GB. Siinacepe, ndi kawerengedwe cabe.

Sankhani Beginner, kenako savedisk. Pali saveparts imene imasunga zigawo zimene mwasankha zokha, koma woyamba kumene aileke. Pa kompyuta ya UEFI (njira yatsopano imene kompyuta imayakira) pali kacigawo ka EFI, nthawi zambiri ka 100 MB kapena kuposerako pang'ono, kamene sikaoneka mu File Explorer. Mukasunga C: yokha n'kukasiya, mafaelo onse adzabwerera koma Windows siidzayaka.

Clonezilla imapereka dzina la deti ndi ola. Onjezerani dzina la kompyuta, popanda mipata. Kenako sankhani disiki ya mkati imene mufuna kukopera. Ikafunsa ngati iunike image ikatha kuisunga, yankhani kuti inde, ngakhale kuti nthawi idzatalika. Image yoonongeka imaoneka bwino bwino mu foda mpaka tsiku limene mwaifuna. Ikafunsa zotseka image ndi mau acinsinsi, ganizirani kaye: mukaiwala mauwo palibe njira yotsegulira.

Cimene cidzatuluka ndi foda yokhala ndi mafaelo ambiri, ena akulu, ena aang'ono kwambiri. Aang'onowo ndi amene amasunga kagawidwe ka disiki. Musafafanize kapena kusintha dzina la faelo ngakhale imodzi. Posamutsa, samutsani foda yonse.

Kubwezeretsa

Cenjezo: zonse zimene zili pa disiki yolandira zidzafafanizidwa, ndipo nchito ikayamba siingabwezedwe.

Image imabwezera kompyuta ku tsiku limene inatengedwa. Zonse zimene munalemba pambuyo pake mulibemo. Ngati disiki yakale ikali kuwerengeka, koperani kaye mafaelo atsopano kwina. Cotsaninso madisiki ena onse amene sakukhudzidwa, kuti pa mndandanda patsale ocepa osankhapo.

Njira ndi yomweyo mpaka pa Beginner, kenako restoredisk. Ngati restoredisk siikuoneka, ndiye kuti Clonezilla sinapeze image mu foda imene mwaloza. Bwererani, muloze foda imene muli foda ya image, osati ya image yeniyeniyo. Sankhani image, sankhani disiki yolandira. Idzakufunsani kawiri kuti mulembe y. Funso laciwiri musaliyankhe mwacizolowezi: werenganinso kukula ndi dzina la disiki.

Disiki yolandira iyenera kufanana kukula ndi yakale kapena kuiposa. Image ya disiki ya 512 GB siilowa pa ya 500 GB kapena 480 GB, ngakhale zinthu zake zikhale 60 GB cabe, cifukwa Clonezilla imabwezera zigawo ndi malire ake akale, ndipo cigawo comaliza cimagwera kunja. Ngati mudziwa kuti mudzasamukira ku SSD yocepa, cepetsani C: mu Disk Management musanatenge image, zigawo zonse zikhale mkati mwa kukula kwa disiki yatsopano, ndiyeno pobwezeretsa mulowe mu Expert musankhe -icds kuti isayeze kukula. Disiki ikakhala yaikulu kuposa yakale, malo otsala amakhala opanda cigawo. Mungakulitse C: pambuyo pake, koma ngati kacigawo ka Recovery kali pakati, Extend Volume siidinizika mpaka mutakasuntha ndi pulogilamu ngati GParted.

Ikamaliza, zimitsani, cotsani fulashi ndi disiki yakunja. Disiki yakale isakhale mkati poyatsa koyamba, cifukwa madisiki awiriwo tsopano ali ndi zizindikiro zofanana ndipo kompyuta ingayambire pa yolakwika.

Ikakana kuyaka, musafulumire kutaya image. Lowani mu BIOS (masetingi a kompyuta amene mumalowamo Windows isanayake) muone ngati ili pa UEFI kapena Legacy monga inalili kale. Sikirini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE nthawi zambiri imasonyeza kuti setingi ya SATA mu BIOS yasintha pakati pa AHCI ndi RAID. Ibwezereni. Pa kompyuta ina yosiyana, madraiva angakane ndipo Windows ingafune kutsimikiziranso laisensi.

Disiki imene ikulira kuti ke-ke-ke kapena kumangoima pokopera ndi nkhani ina. Musaiyendetse chkdsk, mungaimalize. Mu Expert muli -rescue imene imalumpha malo osawerengeka n'kupitiriza, koma ngati zinthu zake ndi zofunika kwambiri, pulogilamu ina yochedwa ddrescue ndiyo inapangidwira nchito imeneyi.

Image yoyamba muiyese pa disiki yapadera imene mulibe nayo nchito: bwezeretsani, iikeni mu kompyuta, muone Windows ikuyaka ndi mafaelo akutseguka. Kenako sungani kope laciwiri la fodayo pa disiki ina, ndipo disiki yosungira isakhale yolumikizidwa ku kompyuta nthawi zonse, cifukwa vairasi yotseka mafaelo imafika pa ciliconse cimene calumikizidwa.