Momwe mungasiyanitsire mankhwala ochiza ndi ozunguza bongo pakhomo panu

Ife a ku Mbare, Mufakose ndi Mabvuku mumzinda wa Harare ku Zimbabwe amene tinaleredwa m'Chichewa cha makolo athu tili ndi liwu limodzi lokha: mankhwala. Panado ndi mankhwala, a makoswe ndi mankhwala, mutoriro, timiyala tozunguza bongo, nawonso timati mankhwala. N'chifukwa chake agogo akaona mdzukulu ali ndi botolo la mankhwala a chifuwa amangoti, "Pepa mwanawe, chimfine chakupeza," osadziwa kuti mnyamatayo akuledzera nalo.

Poyamba penipeni funsani kuti akudwala chiyani. Mankhwala ochiza amakhala ndi nthenda yake, mulingo wake ndi munthu wodziwa amene wawapereka. Mnyamata amene simunamumvepo akutsokomola koma botolo la mankhwala a chifuwa a Broncleer, lija anzake amati bronco, silichoka m'thumba mwake, palibe chimene akuchiza. M'botolomo muli codeine, ndipo akafika m'chiwindi thupi limamusandutsa morphine. Morphine yemweyo ndi amene madokotala amapatsa odwala khansa kuti ululu uchepe. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka, poti chinthu chake n'chomwecho, koma wina akulandira moyezedwa kuchipatala, wina akugugudiza botolo lonse kuseri kwa nyumba.

Kenako tembenuzani bokosi muwerenge. Kuno ku Zimbabwe mankhwala amalembetsedwa ku bungwe loyang'anira mankhwala la MCAZ, lomwe linakhazikitsidwa mu 1997, ndipo ovomerezeka amakhala ndi nambala ya kaundula komanso tsiku lothera mphamvu. Yang'ananinso zilembo: PP ndiye kuti pakufunika kalata ya dokotala, HR ndi aja mungagule m'sitolo wamba. Broncleer sanalembetsedwe kuno, amalowa mozemba kuchokera ku South Africa. Mapilisi a m'kajumbo kopanda dzina, oyalidwa pansi pambali pa tomato ndi mabatire, alekeni ngakhale mtengo ukome bwanji. Apsa ndi dzuwa tsiku lonse, ndipo wogulitsayo mukamufunsa dzina la mapilisiwo angokuuzani kuti "amphamvu awa."

Mulingo nawo musautaye. Paracetamol munthu wamkulu asapitirize magalamu 4 patsiku, omwe ndi mapilisi 8 a 500mg. Kupyola pamenepo amawononga chiwindi mwakachetechete.

Za chamba, chomwe anzathu Achishona amati mbanje, ana ena amatseka nazo pakamwa makolo kuti boma linavomereza. Zoona zake n'zakuti mu 2018 boma la Zimbabwe linalola kulima chamba cha mankhwala ndi kafukufuku kwa okhawo amene ali ndi chilolezo, ndipo kumudzi ku Malawi lamulo lofanana nalo linabwera mu 2020. Ndudu ya pakona ija ikadali mlandu.

Mutoriro, umene ena amati guka kapena dombo, ndi crystal meth, ndipo palibe kiliniki ingakupatseni timiyala timeneto. Osuta amagwiritsa ntchito timachubu ta mababu a magetsi, choncho mababu akayamba kusowa m'nyumba, mwana n'kumachezera usiku wonse osagona, nsima osaikhudza, thupi likutha, musathamangire kunena kuti walodzedwa.

Mukatsimikiza kuti pali vuto, mkwapulo siuthandiza. Dikirani nthawi imene mutu wake uli bwino, mukhale naye pansi pamodzi ndi amalume ake kapena wamkulu wina amene amamumvera. Mupite naye ku kiliniki ya khonsolo ya m'dera lanu; akaona kuti n'zazikulu amatumiza ku Annexe ya chipatala cha Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe Central Hospital, komwe kuli madokotala a matenda a maganizo. Ngati wakhala akumwa mapilisi ogonetsa monga diazepam kwa nthawi yaitali, musamulande onse tsiku limodzi, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kungamugwetse ngati wakhunyu. Amachepetsa pang'onopang'ono ndi dokotala. Popita musaiwale kunyamula botolo kapena kapepala komwe munapeza pansi pa matiresi, anesi akaone okha chimene wakhala akumwa.