Mayina a zovala mu Cantonese, muyambire pa buluku

Mwafunsa kuti buluku lotambasuka kumiyendo lija, la belibotomu, amalitchula bwanji mu Cantonese, chilankhulo cha ku Hong Kong. Ndi laa3 baa1 fu3, kutanthauza buluku la lipenga, poti kumunsi kwake kumaoneka ngati kukamwa kwa lipenga.

Choyamba gwirani mawu oti fu3, ndiye buluku limenelo. Kenako muzingowonjezera kutsogolo kwake, dyun2 fu3 ndi kabudula, ngau4 zai2 fu3 ndi jinzi, kwenikweni akuti buluku la woweta ng'ombe. Apa mwapeza atatu kale.

Chachiwiri manambalawo musawataye chonde, ndi matoni, kutanthauza kukwera ndi kutsika kwa mawu, mu Jyutping, kalembedwe ka Cantonese m'zilembo zathuzi, ndipo alipo 6, mukakweza mawu nkunena fu2 ndiye kuti mwanena chinthu chowawa osati buluku. Mvetserani kaye mwini chilankhulo kenako mudzijambule pa foni mufananize. Komanso j wa Jyutping amamveka ngati y wathu.

Chachitatu phunzirani kawerengedwe, poti pakati pa nambala ndi dzina la chovala pamalowa kamawu kena. Buluku ndi siketi, kwan4, zimatenga tiu4, ndiye jat1 tiu4 fu3 ndi buluku limodzi, koma malaya, saam1, amafuna gin6.

Mukamavala m'mawa muzitchula mokweza, ngo5 zoek3 ngau4 zai2 fu3, kutanthauza kuti ndikuvala jinzi.